Cholembera Chofiira cha a Sitampa

Tsiku lomwe a Sitampa anachapa okha jekete lawo, anaiwala kupisa m'thumba. Polikutumula kuti ayanike, tizidutswa ta mapepala onyowa tinawamatirira pa dazi, ndipo anayenda nato mpaka kugolosale osadziwa. Mayi wosoka wa khomo loyandikana ndi lawo ndiye anawathothola kamodzikamodzi, uku akufa nalo phwete.

Tizidutswato tinali mayankho. Mwana wawo wamkazi, kalaliki pakampani ina yogulitsa zitsulo, ankakonzekera mayeso olowera sukulu yaukachenjede ya zamalonda kunja kwa dziko. Gawo lomwe linkamuzunza ndi lokonza ziganizo: chiganizo cha Chingerezi chotalika ngati sitima, mbali ina yodulidwa mzere kunsi, iwe usankhe yolondola pa njira zisanu. Mayankho anali kumapeto kwa buku, ndipo bambo ake anang'amba masambawo n'kuwasunga m'jekete kuti mwana asamasuzumire.

Dzina la Sitampali analitengera ku positi ofesi, komwe anadinda makalata zaka makumi atatu. Mayi a kunyumba anatsogola kalekale, ndipo pampando wawo pamakhala wailesi. Mwana akapita kuntchito, mkuluyu amasesa m'nyumba kawiri, kenako n'kukhala pakhonde kumawerenga magalimoto odutsa. M'nyumbamo mumamveka mawu m'mawa mokha: ziganizo makumi awiri, mphindi makumi atatu, iwo maso pa wotchi, cholembera chofiira chili kukhutu.

Ndiye mayankho apita ndi thovu la sopo. Mukuyesa anaulula? Olo pang'ono. M'mawa mwake anatenga pepala la mwana, kulowa nalo kuchipinda monga mwa masiku onse, n'kutuluka atachonga, chikhalirecho Chingerezi chawo chimathera pa adiresi ya envelopu.

"Thwelofu, mwanangu. Sunakhwime."

"Adadi, dzulo thwelofu, dzana thwelofu. Mutu wangawu wasanduka sikelo yakufa?"

"Phuma ndi loipa. Mayeso sathawa. Udzalembetsa ulendo winawo."

Aka kanali kachitatu tsopano kumuuza za ulendo winawo. Tinene zoona, ngakhale mayankho asanachapidwe, a Sitampa ankabisako mamalikisi angapo. Mwanayo anali atayamba kulakwa chiganizo chimodzi kapena ziwiri basi, ndipo iwo akaona pepala loyera choncho, m'makutu mwawo munkalira ndege. Ankayang'ana makapu awiri ali pathebulo, dzanja n'kungolemba lokha thwelofu.

Kulembetsa kunkatsekedwa Lachisanu. Lachinayi poweruka, mwanayo anadzera kwa mayi wosoka kukatenga siketi yake, ndipo anadandaula kuti mwina sukuluyo si yake, kuli bwino angozisiya.

"Amakuchongera ndani?" anafunsa mayiwo, mapini ali kukamwa.

"Adadi. Ali ndi mayankho m'jekete."

"Jekete lake liti? Lomwe lija anachapa?"

Mayiwo analavulira mapini m'mbale, kuponya tepi paphewa, ulendo wa pakhonde pomwe mkulu uja ankapukuta magalasi ake. Mwana ankatsatira pambuyo, siketi ili m'manja. A Sitampa atawaona awiriwo anayamba kufunafuna mpando woti apatse mlendo, koma mlendoyo sanabwere kudzakhala, ndipo ngakhale moni sanapereke.

"Achimwene, ine sukulu ndinalekera panjira, koma ichi chokha ndikuchiona. Mwanayu anakhoza kalekale, amene mukulephera ndinu. Mukuopa kumwa tiyi nokha. Tiyiyo muzibwera kudzamwera kwathu, mwana mumusiye akalembetse mawa."