Buleki Itagwira Panjira ya ku Thazima

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kugwira sipanala. Amama ankagwira ntchito ya zaumoyo ku Hewe, ndipo kuntchitoko anawapatsa njinga yamoto yoyendera m'midzi. Patchuthi ankanditenga kuti ndizikhala kumbuyo nditakumbatira bokosi la katemera, lija amaikamo madzi oundana.

Tsiku limenelo tinkapita kusikelo ya ana cha ku Thazima. Inali nyengo ya fumbi, dzuwa likuswa mtengo. Titatsika chitunda china chachitali, njinga inayamba kulemera ngati wina akuikoka kumbuyo, ndipo ndinamva fungo la chinthu chopserera. Amama anaima pamthunzi wa msuku.

"Tawonga, tsika. Yandikitsa dzanja pakati pa gudumu lakutsogolo, koma usakhudze."

Chitsulocho chinali moto ngati chiwaya.

"Buleki yagwira," anatero Amama. "Sikubwerera."

Mtima wanga unali pabokosi. Ndinkadziwa kuti madzi aja akasungunuka katemera amawonongeka, ndipo azimayi amene analawirira ndi ana kumsana akanabwerera chimanjamanja. Ndinasolola kabotolo ka oyilo m'chikwama cha zida.

"Amama, tingothira m'gudumumu kuti ifewe."

"Ukathira oyilo mmenemo imasuka, inde. Nanga pachitunda chinacho tikaima ndi chiyani? Bweza. Tiyambe tadziwa chimene chagwira."

Tinasanja miyala pansi pa injini mpaka gudumu lakutsogolo linakhala m'malere. Amama anagwira mahandulo kuti njinga isagwe, kenako anandiponyera chikwama chija.

"Manja angawa akukabaya ana jakisoni. Lero makaniko ndiwe."

Anandiuza kuti ndimasule waya wa buleki pamene amalumikizana ndi kamkono ka pagudumu. Nditamasula, iwo anafinya chogwirira cha buleki n'kuchisiya, ine ndikuyang'anitsitsa. Wayayo ankayenda bwinobwino.

"Ndiye waya alibe mlandu," ndinatero.

"Ukutero iwe. Pitiriza."

Ndinayesa kuzunguza gudumu, linakana. Ndinakankha kamkono kaja ndi chala, kanali gwa. Nditakagogoda ndi sipanala kanabwerera monyinyirika, gudumu n'kuyamba kuzungulira.

"Amama, vuto lili mkati! Kamkonoka kakulimba."

Anangogwedeza mutu.

Nati ya ekiselo, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo, inandivuta mpaka ndinachita kuponda sipanala ndi phazi. Gudumu litatuluka, fumbi lofiira linakhuthukira pamiyendo panga. Kachitsulo kamene kamatambasula mabuleki mkatimo kanali katakutidwa ndi dzimbiri, girisi wakale atauma ngati phula. Ndinakazula, kukapala ndi sandipepa, kukapukuta ndi kansanza konyowetsa ndi petulo mpaka kanawala. Thukuta linkandilowa m'maso, koma sindinafune kuti wina andithandize.

"Girisi pang'ono chabe, ngati njere ya chimanga," anandichenjeza Amama. "Asakhudze pamene buleki imagwira."

Nditabwezera zonse, ndinazunguza gudumu. Amama anafinya, linaima nji. Anasiya, ndinalikankha, linayenda lokha mopanda phokoso. Anayang'ana nati iliyonse, kuyesa njinga pang'onopang'ono mpaka pakona, n'kubwerera.

"Kwera," anatero. Mawu awo anali okhawo.

Tinapeza azimayi adakali pansi pa mtengo pamene anakoleka sikelo, ena akuyamba kumanga ana kumsana kuti azipita. Amama anatsegula bokosi, madzi aja anali adakali olimba. Mayi wina, mkazi wa msilikali wolondera pageti la nkhalango yosungira nyama, anaona manja anga akuda bii.

"Kasi mwana uyu wagwa?"

"Sanagwe," anayankha Amama mokweza kuti onse amve. "Buleki inagwira m'njira. Wakonza ndi mwana wangayu."

"Msungwana? Yewo chomene, mama!"

Azimayiwo anawomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Ndinakhala pambali nditayala manja pamaondo kuti aliyense awaone, ndipo sindinasambe mpaka tinafika kunyumba.

Nditakula ndinawafunsa Amama ngati tsiku lija sankadziwa kumene kunali vuto. Anaseka. Anati ankadziwa asanatsike n'komwe panjinga, chifukwa inali itawachitapo kale, komanso ankadziwa kuti bokosi lipirira. Lero ndine mayi, ndipo ndaona kuti kupatsa mwana yankho n'kosavuta. Chovuta n'kuimirira pambali nthawi ikukuthera, pakamwa utatseka, mpaka mwanayo anene yekha kuti, "Ndapeza."