Muvi umene Poongodi anafufuta

Mumzinda wonse wa Coimbatore mulibe kompyuta imene imayaka isanandifunse ine. Ndine ndinaphunzitsa Poongodi, mwana wa mlongo wanga, kujambula mabokosi ndi mivi ali ndi miyezi itatu, ndipo mpaka lero akatswiri akunja amandiimbira foni akulira kuti ndikawawongolere mizere. Chabwino, ndanama. Ine ndinakalambira pamakina oluka nsalu, ndipo foni yangayi ikachita zachilendo ndimangoiika pansi mwaulemu. Koma za Poongodi ndikuzidziwa, ndipo pamenepa ndithirapo mchere pang'ono pokha.

Anakulira m'chipinda chimodzi kuseri kwa fakitale ya ulusi, kumene thonje limalowa m'mphuno, m'khofi, ngakhale m'maloto. Bambo ake anamwalira ndi chifuwa iye ali wamng'ono. M'mawa uliwonse mayi ake ankamutuma kukajambula maluwa a ufa wa mpunga pakhomo, ndipo ankawongola mzere mwakuti nyerere zinkachita manyazi kudya ufawo. Atamaliza sukulu analowa ntchito pakakampani kena kolemba mapulogalamu, pamwamba pa sitolo ya matayala.

Iye sankalemba pulogalamu. Ankayamba waijambula mmene idzayendere. Bokosi ndi pamene chinthu chaima, muvi ndi njira imene chingadutse kupita pabokosi lina, ndipo kumapeto kumakhala kadontho kakuda kozingidwa ndi mzere, kusonyeza kuti apa nkhani yatha. Anyamata olemba pulogalamuwo amatsata chojambulacho ngati ng'ombe zapangolo. Chimene chajambulidwa amachilemba, chimene sichinajambulidwe ndiye kuti kulibe. Mutawajambulira muvi wolowa m'chitsime, adzakulemberani pulogalamu yomira bwinobwino, n'kufunsa ngati pali china.

Chaka chatha kakampaniko kanapeza ntchito kuchipatala china chachifundo chotsuka magazi a anthu odwala impso. Makina analipo khumi ndi awiri, odikira malo oposa zana. Kale malo ankapita kwa odziwana ndi akalaliki, choncho othandiza chipatalacho analamula kuti tsopano kompyuta yokha ndiyo izigawa, munthu asaikepo dzanja. Poongodi anajambula moyo wa wodwala m'mabokosi anayi: Walembetsa, Akudikira, Ali ndi malo, Wachoka. Lamulo linali lakuti wojomba katatu motsatizana wachoka, malo ake apite kwa wina. Iye anawonjezerapo muvi umodzi, wochokera pa Wachoka kubwerera kutsogolo kwenikweni kwa mzere wa odikira, n'kulemba pamwamba pake kuti: ngati anali ndi chifukwa.

Bwana wake, a Sethuraman, munthu woyang'ana wotchi ngakhale pamene akuyetsemula, anaima pabolodipo manja ali m'chiuno.

"Kamuvi aka n'kachiyani?"

"Ka munthu wobwerera, bwana."

"Abwerera kuchokera kuti? Wojomba katatu pamakina amenewo ndiye kuti anafa kale, mtembo wake anauwotcha. Kamuvi kakoka kafuna fomu yake, kafuna woweruza chifukwacho, kafuna masabata awiri oyesa. Achipatala akusaina Lachisanu."

"Koma bwana, munthu akhoza..."

"Iwe Poongodi, pano sitikukongoletsa pakhomo pa amayi ako. Fufuta."

Anafufuta ndi chala, chalacho n'kuda ndi inki. Lachisanu anasaina. Ndipo kuntchito imeneyo chojambula chikasainidwa chimakhala ngati fano la m'kachisi: mumachigwadira, simuchikhudza.

Panapita miyezi isanu. Ndiye kunali Nachimuthu, mnzanga amene tinagontha naye limodzi pamakina oluka zaka makumi atatu, yemwe ankanyamula Poongodi panjinga kupita naye kusukulu bambo ake atamwalira. Impso zake zinali zitasiya ntchito, ndipo anali ndi malo pachipatala chomwecho Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anapita ku Madurai kuukwati wa mdzukulu wake, anagwa potsika basi, n'kuthyoka chiuno. Anagona masabata awiri m'chipatala cha komweko, akumutsuka magazi monga mwa masiku onse. Atabwerako, makalata onse a madokotala ali m'kathumba kachikasu, kalaliki wapazenera anamutembenuzira kompyuta kuti adzionere yekha.

"Agogo, apa palembedwa kuti munachoka."

"Ndinachoka bwanji ndili pano? Tandigwira dzanjali."

"Ndikukuonani, agogo. Koma batani lokubwezerani palibe. Ndingokulembetsani mwatsopano basi."

Anamupatsa nambala 117.

Poongodi anamva nkhaniyi kwa ine, tikudya Lamlungu masana. Ine ndinkatukwana chitsiru chimene chinapanga kompyuta yopha anthu amoyo, ndikuti nditachipeza ndichiluka pamakina chikhale mpango. Iye anasiya mpunga m'mbale, nakasamba m'manja nthawi yaitali. Atabwerako anati, "Malume, chitsirucho ndine."

Lolemba analawirira kuntchito n'kukajambulanso muvi uja. Anapita nawo kwa Arul, wolemba pulogalamu amene amakhala pafupi ndi zenera.

"Achemwali, imeneyi ndi mizere isanu yokha. Khofi wanu asanazizire ndatha," anatero Arul. "Koma mundionetse chojambula chosainidwa. Ndikakhudza popanda chimenecho, mawa ndikagulitsa matayala pansipa."

A Sethuraman sanakane, ndisawanamizire. Anavula magalasi, kenako anatulutsa fomu yopempha kusintha. Inkafuna anthu atatu: iwowo, mkulu wa chipatala, ndi woimira othandiza aja. Iwo anasaina pomwepo. Mkulu wa chipatala anali paulendo wokapembedza kumapiri, kumene foni sigwira. Woimira othandiza anayankha kuti akufuna kudziwa kaye amene aziweruza chifukwacho, poti iwo anabweretsa kompyuta kuti athetse zomvera chisoni achibale.

Malo pachipatalapo amatseguka pafupifupi sabata iliyonse, poti anthu amafa. Lachitatu anatsegukadi, kompyuta n'kuwapereka kwa woyamba pamzere, ndipo Nachimuthu anakhala nambala 116. Ana ake anamupititsa kamodzi kuchipatala cholipira, kachiwiri sanathe. Miyendo inatupa, mpweya unayamba kuchepa, ankagona chokhala.

Poongodi sankalimba mtima kukamuona. Ankati apita atanyamula yankho. Ankangondiimbira tsiku ndi tsiku pa nthawi yopuma.

"Malume, ali bwanji?"

"Ameneyo? Wadya timikate tampunga ta idili khumi ndi tiwiri, mbale yomwe tachita kumulanda. Akuti akufuna mkazi wachiwiri."

"Malume!"

"Mwanawe, jambula mivi yako. Nkhalamba imeneyo imfa ikuiopa, inaibera pamakhadi."

Ankaseka pang'ono, kenako n'kubwerera kukaimba foni kuchipatala. Anakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya woimira othandiza masana atatu, mpaka mlonda anayamba kumubweretsera madzi ngati wachibale. Anajambulanso muviwo kanayi, nthawi iliyonse akuwonjezera mawu pamwamba pake kuti aliyense akhutire.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi dzanja lomaliza linasaina. Arul analemba mizere yake isanu, ndipo khofi analidi asanazizire. Nthawi ya nkhomaliro kalaliki uja anadina batani latsopano, dzina la Nachimuthu n'kudumpha kuchoka pa 116 kufika pa 1. Poongodi anapempha kuweruka, anakwera njinga yake yamoto, nabwera kwathu kudzanditenga kuti tikamuuze limodzi.

Anandipeza pampopi wapanja, dzuwa lili paliwombo, ndikudzithira ndowa yamadzi pamutu, malaya ndi nsalu zili m'thupi.

"Malume, zatheka! Ali woyamba. Tiyeni."

Ndinapukuta kumaso. Pakamwa pangapa pamathamanga kuposa mutu.

"Ha, wachedwa, mwanawe! Anabwera mwana wake m'mawa ndi galimoto yaitali ngati sitima. Amupezera malo ku Madurai, makina akeake, anamwino anayi omupepesa. Wapita akuimba. Akuti ndikuuze kuti usadandaule, mivi yako ndi yabwino."

Anazimitsa njinga. Anayang'ana malaya anga onyowa, nayang'ana chitseko cha nyumba imene ndinali ndisanalowemo, ndi nsapato zanga zotuwa ndi phulusa. Kwathu kuno mwamuna sasamba atavala, panja, masana, pokhapokha akuchokera kumalo amodzi, kowotchera mitembo.

"Malume," anatero motsitsa mawu, pepala losainidwa lija lili m'manja, "mukunama. Mwamuwotcha nthawi yanji?"