Waya wa Maikolofoni ya Mayi Anga

Dzulo mwana wanga anakhoma mabulangete pazipupa kuti mawu asamachite phokoso pojambula nyimbo yake pafoni. Fungo la fumbi la mabulangetewo linandibwezera kwathu kwa Dzoole.

Ndili mwana, kwaya ya amayi a kumpingo kwathu inkajambula kaseti m'nyumba ya aphunzitsi ena omwe ankaitsogolera, atakhomanso mabulangete pazipupa. Mayi anga anali ndi mawu aakulu, omiza anzawo, ndipo anayeserera nyimbozo dzinja lonse akupalira fodya. Tsikulo anawaimika pakona, nawapatsa maikolofoni yawoyawo. Anaigwira ndi manja awiri ngati chikho cha mgonero.

Ine nditakhala pansi, ndinaona kuti waya wake sunafike pamakina. Unathera kunsi kwa mpando.

"Aphunzitsi, waya wa amayi wazuka!"

"Chete iwe, tikujambula. Umenewo mawu ake amayenda mumphepo."

Ndinakhulupirira, mpaka ndinakanyadira anzanga kusukulu.

Kaseti itatuluka, mayi anabwereka wailesi. Anagunditsa khutu pasipika, n'kubweza nyimbo imodzi kanayi.

"Esinati, ukundimva pamenepa?"

Sindinkawamva, koma ndinati, "Eya amayi, mukumveka bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anazimitsa wailesi. Kukwaya sanapitenso, ndipo kumunda ankapalira ali duu.

Lero ndikudziwa kuti zinkangofunika kuwauza kuti asunthire m'mbuyo pang'ono. Koma anthu akuluakulu odzaza nyumba anasankha kuwanamiza, ndipo bodza lomaliza ndinawonjezera ndine.