A Makutu ndi Kugogoda kwa M'thanki

Matireyi makumi asanu ndi limodzi a mazira. Umenewo ndiwo unali mtengo wa thanki ina ya petulo, nditasintha m'mutu ndalama zimene anatchula wogulitsa zitsulo za galimoto. Mpamba wanga wonse ndi matireyi makumi asanu ndi awiri. Ndikanagula thankiyo, Lachisanu ndikanapita chimanjamanja kwa wophika buledi amene wangondipatsa kumene oda ya sabata ndi sabata, ndipo pakhomo pake sipasowa amazira ena ofuna malo anga.

Galimoto yanga ndi yakale, ndinaigula kwa mphunzitsi wina wopuma. Inayamba kugogoda kunsi kwa mpando wakumbuyo ngati wina akumenya chitini ndi supuni. Pamsewu wosalala, zii. Ndikakhota kapena kuponda buleki, go! Wa zitsulo uja sanasuzumire n'komwe.

"Chitsulo cha m'kati chathothoka, chemwali. Thanki imeneyo yatha. Tsiku lina idzakuyakirani."

Dalaivala wina wa takisi, kasitomala wanga, atandiona nkhope yagwa anandiuza kuti ndisagule kanthu ndisanapite kwa a Makutu.

A Makutu amagwira ntchito m'shedi ya malata kuseri kwa malo otsukira magalimoto. Ndi bambo wamfupi, waimvi, ndipo ovololo yawo anaidula manja. Unyamata wawo wonse anathera ku galaja ya kampani ina ya mabasi, komwe ankawakweza basi yopanda anthu kuti akhale kumbuyo n'kumamvetsera dalaivala akuyendetsa. Kampaniyo itatseka, anachokako ndi bokosi la masipanala ndi dzinalo basi. M'shedi mwawo mulibe wailesi. Pakona pali makina osokera pomwe akazi awo amasoka zovundikira mipando ya galimoto, ndipo ana awo anayi anaphunzira sukulu ndi ndalama za m'shedi momwemo.

"Ndiye ndinu a mazira aja?" anatero akupukuta manja. "Makiyi musandipatse. Ndikayendetsa ine mwina sigogoda. Amaponda buleki tsiku ndi tsiku ndinu."

Anavula nsapato, n'kugona chafufumimba pampando wakumbuyo, khutu pansi, mapazi atatulukira pawindo. Tinazungulira misewu ya pafupi. "Khotani. Imani mwadzidzidzi. Bwerezaninso." Anthu ankaima kuyang'ana mtsikana akuyendetsa galimoto yokhala ndi mapazi pawindo, ena mpaka kufunsa ngati ndikupita nawo kuchipatala.

Titabwerera analowa kunsi. Anagwedeza malamba a chitsulo amene amagwira thanki, anamenya ndi chibakera lata lotchinga kutentha kwa ekizozi, anakoka mapaipi mmodzimmodzi. Zonse zinali nga!

"Kunja kulibe mlandu," anatero akutuluka. "Thanki ikadzaza imagogodanso?"

"Sindinaidzazepo, bambo. Ndimathira wa ulendo umodzi."

"Anthu a malonda inu! Galimoto kuidyetsa ngati mwana wa mnzako." Anakhala pa tayala. "Tamverani, mwana wanga. Chitsulo chothothoka chimalira ngati chivundikiro cha poto, pamalo pamodzi. Ichi chikugubuduzika. Chikuchoka kumanzere n'kukagunda kumanja. Ndi kanthu kakang'ono koma kolemera. Kwanu amapopa petulo ndani?"

"Palibe, bambo."

"Jenereta muli nayo?"

Ndinati ndilibe, koma alamu anga, amuna a akulu anga, ali nayo ku shopu yawo yometera, ndipo galimoto imagona kumpanda kwawo. A Makutu anangoloza foni yanga ndi chibwano.

"Alamu," ndinatero atayankha, "magetsi akazima, petulo wa jenereta mumamutenga kuti?"

Ndinkamva makina ometera akulira kumbali.

"Aa, alamu, kabotolo kamodzi kokha kaja. Ndimati ndikuuzani."

Nkhani inatuluka yonse. Popeza thanki yanga imakhala ndi petulo wa pansi penipeni, paipi yawo inkapindika osamufikira. Ndiye anamangirira nati yaikulu kunsonga kwake ndi kawaya kuti izimira. Tsiku lina anakoka, n'kutuluka paipi yokha.

"Nzeru ali nazo alamu anuwo," anatero a Makutu. "Kumanga kokha ndiye sadziwa."

Tinakankhira galimoto panja, pomwe mphepo imapita. Anachotsa waya wa batire, n'kuthamangitsa otsuka magalimoto awiri amene ankasuta chapafupi. Kenako ananyamula mpando wakumbuyo, anamasula chivundikiro, n'kutulutsa pampu ya petulo pang'onopang'ono ngati akunyamula khanda. M'bowomo analowetsa kamtengo komangirira kamaginito ka m'sipika yakale. Anatseka maso, dzanja likuyenda m'kati. Ine ndinkangoyang'anitsitsa, chifukwa akanalakwitsa ndiye kuti ndabwerera kwa wa zitsulo.

Tinamva kuti tsa! Kamtengo kanatuluka ndi nati, kawaya kakadali lendelende.

"Mwawaona?" anatero akazi awo aja ali pamakina osokera. "Amamva nati ili m'thanki, koma ine ndikati shuga watha kunyumba samva."

"Shuga sagogoda, mayi."

"Ndidzamuika m'chitini ndiye, ndizikugwedezerani."

Anaunika m'katimo ndi tochi n'kundiitana kuti ndione ndekha. Chitsulo chimene ankati chathothoka chinali chilili pamalo pake, chapindika pang'ono chabe pomwe nati inkagunda. Anaika mphira watsopano pachivundikiro, anabwezera zonse, n'kugonanso pampando paja kuti tikayese. Ndinakhota, ndinaponda buleki mpaka matireyi opanda kanthu anagwa kumbuyo. Galimoto zii.

Ananditchulira mtengo wa matireyi awiri, ndi mphira womwe. Ndinawafunsa kawiri, ndikuganiza kuti sindinamve bwino.

"Makutu akuvutani inunso? Gonani pampandopo ndikuyeseni."

M'mawa mwake ndinawapititsira tireyi ya mazira akuluakulu, osankha. Iwo anayamba kukana, ati malipiro analandira kale. Akazi awo anatambasula manja.

"Bweretsa kuno, mwana wanga. Akukana iwo, ine sindinakane."

Asanandilole kupita, a Makutu anandichenjeza kuti petulo wa pansi ndi amene amapha pampu, chifukwa imatentha ndiponso imakoka zinyalala. Anati thanki isamatsike kupitirira kota. Ndawerengera, n'kupeza kuti kuidzaza kamodzi kundidyera matireyi asanu, kenako ndizingowonjezera monga kale. Pampu yatsopano ingandidyere makumi awiri. Apa palibe choganizira.

Lachisanu mazira anafika kwa wophika buledi, osasweka ndi limodzi lomwe, ndipo wati sabata yamawa ndiwonjezere matireyi khumi. Mawa ndidzaza thanki, ndigula chitsekero chokhala ndi loko, ndi kachigubu ka malita asanu koti alamu azikagulira petulo wawo.