Njira ya Chakudya Itatsekeka kwa Che Abdulrahim

Achimwene anga, Che Abdulrahim, anali ozinga mbuzi pa msika wina kwa Kawinga. Anali munthu wamkulu thupi, wolongolola, wodya mosanamizira. Akamasenda mbuzi, makasitomala ankayamba alandira phunziro asanalandire nyama.

"Taonani," ankatero akuloza ndi mpeni, "chakudya chikatafunidwa chimatsika pam'mero apa n'kugwera m'chifu, mmene chimaphwanyidwa mpaka kukhala ngati phala. Matumbo aang'onowa amayamwa zabwino kupititsa m'magazi, aakuluwa amamwa madzi, zotsalazo mukudziwa nokha kumene zimapita. Nanunso mkatimo muli chimodzimodzi, kungoti chifu chanu n'chimodzi." Anthu ankaseka, ena n'kulavula.

Chaka chimene anadwala, Ramazani inabwera nthawi yotentha. Nyama inali itayamba kale kuwaima pachifuwa, koma achimwene ndi kuuma mutu kwawo sanauze munthu. Tsono mwezi wosala kudya ndani angadabwe kuona Msilamu akuwonda? Aliyense milomo inali youma. Malaya atayamba kuwakhwepa, ine ndemwe ndinkawaseka kuti chaka chino mphotho yonse atenga okha.

Kwathu amuna amadyera paokha. Dzuwa likalowa, alamu anga a Fauziya ankapereka mbale pakhonde pamene achimwene ankamasulira kusala kwawo limodzi ndi anzawo ochokera ku mzikiti, ndipo mbalezo zinkabwerera zopanda kanthu. Alamu ankakondwa. Sankadziwa kuti amuna awo amangomwa tiyi n'kumakankhira mpunga kwa alendo. Nawo alendo aja, anthu akuluakulu ndi ndevu zawo, ankangoti Che Abdulrahim ngopatsa. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Zinaululika tsiku la Idi. Achimwene anatapa mpunga pamaso pa anthu, n'kumeza, ndipo unabwerera wonse ndi malovu. Atayesa madzi, nawonso anavuta kutsika.

Tinapita nawo kuchipatala, kumene anatitumiza ku Zomba. Adokotala atawaunika anati pam'mero pamera chotupa cha khansa chimene chatseka njira, ndipo chafalikira kale. Anafunsa kuti vutoli linayamba liti. Achimwene anayankha motsitsa mawu kuti chimanga chisanakhwime. Alamu anatembenuka n'kuwayang'ana.

Tinabwerera kumudzi. Alamu sanafune kugonja. Ankaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, kulisefa pansalu, kuthiramo mkaka, n'kumawamwetsa ndi kasupuni. Masiku ena linkatsika pang'ono, masiku ambiri iyayi. Chimene chinkandiswa mtima n'chakuti chifu chawo chinali bwinobwino. Njala ankaimva ngati wina aliyense, ndipo m'mimba munkalira mpaka ife okhala pamkeka kumamva.

Tsiku lina masana anandipempha kachidutswa ka chiwindi chootcha. Ndinati, "Achimwene, chikakutsamwani?"

"Iwe Sakina, sindimeza," anatero. "Ndingofuna m'kamwa mukumbukeko."

Anatafuna pang'onopang'ono atatsinzina, kenako analavulira m'kachitini n'kundithokoza. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukalira.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, chimanga chili m'nyumba, mbuzi zili m'khola. Amuna amene anasambitsa thupi anatuluka, ndipo jeneza, chithatha cha maliro, ananyamula mosavuta ngati muli mwana. Ife akazi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo, tikuyang'ana anthu akulowera kumanda.

Apo m'pamene alamu anandikoka chitenje.

"Alamu," anatero, "anthu aja awaona nthiti zonse. Kodi sakanena kuti ine sindinkawaphikira?"

Ndinawauza kuti mudzi wonse ukudziwa mmene anavutikira. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanandikhulupirire.