Bolo wa Natale wapita ndi munthu wosamudziwa

Mwaswera bwanji ana anga.

Bolo wa Natale, keke yathu ya Khirisimasi, ndaphika m'mawa uno, wa mphesa zouma zija ndinaviika mwezi wathunthu. Ndamukulunga, n'kumanga ulusi wofiira mfundo zitatu. Nditangolowa kukasamba, Rosa, mkazi wa mdzukulu wanga, wakamupereka kwa woyendetsa shapa, minibasi ya ku Cuamba, kuti akasiye kwa mwana wanga Joana. Ndamufunsa dzina la munthuyo. Akuti, "Agogo, dzina sindinafunse, koma amaoneka wabwino." Wabwino!

Nthawi ya nkhondo ija, mayi anandituma kuchokera ku Massangulo ndi bolo ngati yemweyu kwa achimwene kuno ku Mandimba. Panjira asilikali a Chipwitikizi anamubaya boloyo ndi mpeni wa pa mfuti, ati akufuna makalata. Mpeni unatuluka ndi mphesa, mmodzi n'kunyambita akundiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo bolo wa pakhomo pano amayenda pamiyendo panga.

Joana, ukamulandira uwerenge mfundozo. Zikapanda kukwana zitatu, ana asalawe ngakhale nyenyeswa.

Enanu mukuti bwanji? Ufa watsala. Ndiphike wina, ndikwere naye ndekha mawa?