Penti Yofiira ya Asibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pomwe ndinaona komaliza ndi maso onse awiri. Anthu akandifunsa za diso langali amayembekezera nkhani ya ngozi ya galimoto kapena ya ufiti. Si zimenezo. Inali penti.

Chaka chimenecho kuchipatala chathu ku Chintheche kunabwera dokotala wochokera ku Ntcheu, ndipo mwana wake Dalitso tinali naye kalasi imodzi. Kwawo kunali laputopu yakale yokhala ndi gemu yoyendetsa ndege zankhondo. Anzanga ankalimbirana kuwombera. Ine chinandigwira mtima n'chakuti ndegezo umatha kuzipenta mmene wafunira.

Kusukulu tinali titangophunzira za Angoni amene kalekale anadzazinga linga la Atonga konkuno. Tsiku lina Dalitso, yemwe ankadzitama ndi ungoni wake, anati, "Makolo anga akanabwera pandege, Atonga nonse mukanathera m'nyanja ngati usipa."

"Ndege zake ziti? Inu mumadziwa ng'ombe basi," ndinamuyankha.

Tinaseka, kenako ndinakhala pansi n'kupenta nkhondo imene sinachitikepo. Ndege ya Atonga ndinaipaka buluu, mimba yoyera ngati ya chambo, nkhwazi kumchira. Ya Angoni ndinaipaka yofiira, pamapiko chishango cha chikopa. Ndegeyo inali imodzimodzi, injini yomweyo, mfuti zomwezo. M'gemumo nkhope ya woyendetsa sinkaoneka. Ukaona zofiira, umangowombera.

Koma laputopu inali imodzi, ana tinali gulu, magetsi ozimazima. Choncho nkhondo inasamukira m'munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba yathu. Mfuti zinali malegeni, zipolopolo timagwafa tosapsa. Lamulo linali limodzi: mwala ayi.

Asibweni, mchimwene wa amayi, anali atangomaliza kupenta boti lawo, ndipo anandipatsa zitini kuti ndikataye. Pansi pake panatsala penti, yabuluu ndi yofiira. Ndinajambula aliyense mizere pachipumi ndi m'masaya. Inkanunkha mafuta, inkayabwa, koma tinkaoneka ngati asilikali enieni. Vuto linali loti ana a m'mudzi onse ankafuna buluu. Dalitso anatsala ndi tiana tiwiri ta aphunzitsi.

"Wapenta ndiwe, pita ukawathandize," anatero msuweni wanga Yotamu, mwana wa Asibweni, amene tinkagona naye mphasa imodzi.

Ndinadzipaka yofiira.

Tinamenyana dzuwa lili pamutu, magwafa akulira m'masamba, misana ikutupa. Kenako amayi ake a Dalitso anamuitana, nkhondo n'kutha. Tinakuwa kuti yatha, ena n'kubalalika. Ine ndinatsikira kunyanja kukasamba. Ndinakhula ndi madzi, ndinakhula ndi mchenga mpaka khungu kuwawa. Penti ya boti sichoka ndi madzi. Anaipangira zimenezo. Imafuna palafini, ndipo palibe mwana anaganizako.

Pobwerera ndinadzera m'munda momwemo. Yotamu anali atabisala kumapeto kwake, sanamve kuti yatha. Magwafa anali atamuthera, m'legeni anali ataikamo mwala wosalala wa m'mbali mwa nyanja. Anaona chofiira chikuyenda m'chinangwa.

Ululu sindinaumve msanga. Ndinamva kuphulika m'mutu, ngati wina waswa chikho mkati mwanga. Ndinagwa chafufumimba, mchenga m'kamwa, zotentha zikutsika m'tsaya. Yotamu anatulukira akukuwa, "Ndagwetsa Mngoni! Ndagwetsa Mngoni!" Atanditembenuza anasiya. Magazi ndi penti zinali zitasakanikirana, moti anayamba kundipukuta ndi malaya ake kufuna kuona ngati chinali chilonda.

Asibweni atafika sanafunse chilichonse. Anazula mtengo wa chinangwa n'kumukwapula Yotamu mpaka unathyoka, anatenga nkhafi. Azimayi ndiwo anawagwira. Ine ndili gone pansi, ndikumva Yotamu akulira kwa bambo akewo, "Ada, sindinadziwe kuti ndi iye! Ndinaona zofiira!"

Bambo ake a Dalitso, adokotala aja, anandimanga bandeji n'kunditumiza ku Nkhata Bay. Diso silinapulumuke. Laputopu anaitsekera m'sutikesi, ndipo pasanapite nthawi banjalo linasamutsidwa.

Ndinkafuna kudzayendetsa ndege. Musaseke, aliyense anali ndi maloto ake. Kusukulu anandipatsa dzina loti Payiloti, mutu unkandiwawa ndikayang'ana pabolodi, ndipo amene wandiitana dzinalo ndinkamumenya. Ndinasiyira Fomu 2. Lero ndimapenta maboti ku Kande ndi zikwangwani za malo ogona alendo. Yotamu ndi msodzi, boti lake ndimapenta ndine. Amakhala kumbali ya diso langa lakufa kuti tisayang'anane.

Abusa anandiuza kuti phunziro lake ndi kukhululuka. Amayi anati ndi kusasewera ndi legeni. Onsewo akunama. Yotamu sankadana nane. Tinkadya mbale imodzi, ndipo m'mawa wa tsiku lomwelo anandigawira chinangwa chake chootcha. Panangofunika mzere umodzi wofiira pachipumi panga kuti asiye kundiona. N'chifukwa chake nthawi ya kampeni, anyamata akabwera kuti ndiwapake mitundu ya zipani kumaso, ndimawathamangitsa ngakhale atanyamula ndalama. Ndimapenta matabwa. Munthu sindipenta.